Ndidalemba ndekha kalata yondilanda kakowa

Pano pa Lifuwu munthu akafuna kugulitsa bwato, injini, ngolo kapena ng'ombe, amayamba wafika pakhonde panga. Ndidaphunzitsa ku pulayimale zaka zochuluka, ndipo chimene ndidapuma nacho, kuwonjezera pa penshoni yosagula ndi thumba la feteleza lomwe, ndi dzanja lolemba mooneka bwino. Ndili ndi kope lachikuto cholimba, mabolopeni awiri ndi kabokosi ka inki yodindira chala. Wogula ndi wogulitsa amakhala pamkeka, ine pampando wandalema, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, n'kuyamba kulemba: "Ine amene ndasaina m'munsimu..." Ndikamaliza sindiwalola kunyamuka ndisanawalalikire. Ndimawauza kuti pakamwa pamaiwala koma pepala siliiwala, ndi kuti abale ambiri adadana chifukwa chogulitsana zinthu popanda mboni. Iwo amagwedeza mitu, n'kundisiyira kambale ka usipa.

Ndiye mumvetse manyazi anga ndikamaulula kuti chinthu chimodzi chokha chimene ndinkadzitama nacho kuti n'changa pakhomo pano chidandichoka ndi pepala, ndipo pepalalo ndidalemba ndine, ndi bolopeni yanga yomwe, ndikumwetulira.

Ine kuno ndine mkamwini. Kwathu ndi kumtunda, kumene mpunga tinkauona pa Khirisimasi pokha. Nyumba ndidamanga ndine koma malo ndi a amayi akunyumba. Mango ndi awo. Chigawo cha mpunga chimene timawokeramo chaka ndi chaka n'cha mtundu wawo. Zaka zonsezi tinkalima, kuingitsa mpheta, kumweta, kupuntha, kenako n'kupereka mpunga wosakonola kwa mavenda obwera ndi masikelo awo onama, pamtengo woti ukawerengera thukuta umangoti Mulungu ngwamkulu. Nzeru yoti tizikonola tokha kuchigayo, kupeta, kusankha timiyala, n'kulongedza m'mapaketi a kilogalamu imodzi, awiri ndi asanu, ine ndimati idali yanga. Amayi amati idali yawo. Nkhani imeneyo sitidalemberanenso, choncho tiyisiye.

Paketi imafuna dzina. Poyamba ndidalemba "Mpunga wa Lifuwu", ndikuyesa ndatulukira zakuya. Mlungu usanathe ndidazindikira kuti aliyense wolima m'dambo muno mpunga wake ngwa Lifuwu. Kumalo ofufuzira za mpunga komwe tili nako pafupipa kuli ngakhale mbewu yotchedwa Lifuwu, ina Senga, pambali pa Nunkile ndi Mtupatupa zimene alimi ambiri amangoti Pusa ndi TCG 10. Dzina la mudzi silikhala la munthu mmodzi. Taonani Kilombero. Dzinalo ndi la chigwa cha ku Tanzania, mpunga wake udatchukira ku Karonga, koma pitani mumsika wa Lilongwe mukafunse, beseni lililonse akuuzani kuti ndi Kilombero weniweni, ngakhale Faya wosakaniza ndi misere. Chosiyanitsa paketi yanga ndi ya mnzanga chidayenera kukhala china.

Nthawi imeneyo tinkasunga mwana wa mlongo wanga, ndikumulipirira sukulu ya sekondale monga amachitira malume aliyense wodziwa udindo wake. Mnyamatayo masamu adali kutali naye, koma kujambula adabadwa nako. Loweruka ankapita ku Senga Bay kukakhala ndi anyamata ogulitsa ziboliboli ndi zojambula kwa alendo. Tsiku lina ndidamupeza kuseri kwa nkhokwe akumalizitsa chithunzi pa kansalu: kakowa woyera mbee, ataima ndi mwendo umodzi m'chigawo cha mpunga wongowokera kumene, khosi atalipinda ngati akuganizira ngongole, kumbuyo kwake nyanja ndi kabwato kamodzi. Palibe adamutuma. Adajambula yekha, mwa kufuna kwake, kuti akagulitse.

"Iwe, chimenechi undipatse," ndidatero.

"Tengani, malume."

Mgwirizano wonse udathera pomwepo. Madzulo ake ndidamupatsa tambala, osati monga malipiro, koma monga mkulu wosangalala ndi mbumba yake. Tambalayo tidadya tonse, ndipo nthutumba ndidadya ndine.

Ndidapita ndi kansaluko ku Kamuzu Road ku Salima, kwa anyamata a makompyuta, n'kusindikiza timapepala tomata pa paketi. M'munsi mwa kakowayo ndidawonjezera mawu anga anayi oyamikira fungo la mpungawo. Usiku uliwonse tinkakhala pabalaza, amayi akuyeza, ine ndikumata mapaketi: kupinda kukamwa kwa pulasitiki pa kachitsulo ka sowo, n'kukadutsitsa palawi la kandulo mosafulumira komanso mosachedwa, chifukwa ukachedwa imabooka, ukafulumira imatseguka pa kabaza. Pasanathe chaka, amayi a m'maofesi ku Salima ankatumiza ana kuti akagule "wa kakowa uja". Ine pamsika anthu adayamba kundiitana kuti bambo a kakowa. Ndinkayankha mokweza.

Amayi adandichenjeza katatu, ndipo katatu konseko ndikukumbukira chimene ndinkachita. Koyamba ndinkasenda chinangwa.

"Abambo, mwana uja mudalemberana naye za chithunzi chija?"

"Kulemberana ndi mwana wa mlongo wanga? Amayi, chibale ndi fupa, sichiwola."

Kachiwiri ndinkapopa njinga. Adandiuza kuti amva kuchigayo zoti wamalonda wina wa ku Salima, amenenso amalongedza mpunga, wakhala akumufunafuna mnyamatayo ku Senga Bay. Ndidayankha kuti kuchigayo n'kumene mabodza amakonoledwa pamodzi ndi mpunga. Kachitatu ndinkamvera mpira pawailesi, ndipo ndidangokweza dzanja kuti adikire.

Podziteteza ndinene ichi: kuno mawu apakamwa si chinthu chopepuka. Kumpoto kwathuku kuli chilumba cha Mbenje, kumene kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a Makanjira amatseka usodzi nyengo ya mvula n'kudzatsegula cha mu Epulo. Mowa suloledwa pachilumbapo, juga saloledwa, ndipo asodzi amamvera. Lamulo limenelo lidakhazikika ndi pakamwa, ndipo utaka wa ku Mbenje ndi umboni wake. Ine ndinkaganiza kuti "tengani, malume" ali ndi mphamvu yonga imeneyo. Chimene sindidaganize n'chakuti ku Mbenje mawu amanenedwa pabwalo, pamaso pa mfumu ndi khamu la anthu, chaka ndi chaka. Anga adanenedwa kuseri kwa nkhokwe, mboni yake nkhuku.

Tsiku lina mnyamatayo, atamaliza sukulu n'kukhazikika ku Senga Bay, adabwera pakhonde ndi ulemu wonse, chipewa chili m'manja.

"Malume, ndimafuna mundiphunzitse. Kalata yogulitsa chinthu chimene si bwato kapena munda imalembedwa bwanji?"

Mtima wanga udachita kudumpha. Mwana wofuna kuphunzira kwa malume ake! Sindidafunse kuti chinthucho n'chiyani, kapena wogula ndani. Safunsa adadya phula, ine ndidadya ndi chisa chomwe. Ndidatulutsa kope, n'kung'amba tsamba lapakati, n'kumulembera chitsanzo chonse mwaluso: "Ine..., wa m'mudzi mwa..., ndagulitsa... kwa..., pamtengo wa..., ndipo kuyambira lero chinthuchi si changanso." Ndidasiya mipata yoti adzadzaze yekha. Ndidajambula mizere ya mboni ziwiri. Ndidamulangiza kuti akadinditse kwa amfumu. Pomuperekeza ndidamugwira paphewa n'kunena kuti, "Mphwanga, usadzapereke kanthu kwa munthu popanda pepala, ngakhale akhale m'bale wako." Adandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Ine ndinkayesa akusirira nzeru.

Padapita miyezi itatu. Mwini sitolo ina ya ku Lilongwe, amene adalawa mpunga wathu kwa mlamu wake, adabwera ndi galimoto mpaka pakhomo. Ankafuna mapaketi ochuluka mwezi uliwonse. Adafunsa za chiphaso cha a Malawi Bureau of Standards, tidamuuza pamene tidafika nazo. Kenako adaloza kakowa uja.

"Nanga chizindikirochi mwini wake ndani? Sindifuna mawa munthu adzandiimike pakhomo la sitolo kuti ndikugulitsa katundu wokhala ndi chithunzi chake."

Ndidakonza kolala. "Mwini wake ndi amene mukulankhula nayeyu."

"Pepala lilipo, bambo?"

Ndidayamba kufotokoza za mlongo wanga, za fizi, za tambala. Ndili pakati, amayi adadzuka mwakachetechete, n'kulowa kuchipinda. Ndidamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi, ija timasungamo mabuku a kuchipatala ndi makadi a ubatizo. Adatuluka ndi envulopu ya khaki, n'kugwada pang'ono monga mwa ulemu wawo, n'kuipereka kwa mlendoyo, osati kwa ine.

Ndidasuzumira. Masamba awiri otayipa, kumbuyo kwake atamata chithunzi cha kakowa, m'munsi chidindo cha amfumu. Ndipo pamwamba pa zonse, atabaya ndi pini, tsamba lapakati la kope langa, dzanja langa lokongola lija, mipata yonse itadzazidwa. Wogulitsa: mwana wa mlongo wanga. Wogula: amayi akunyumba. Ndalama adatenga ku banki m'khonde.

Mlendoyo adawerenga, n'kunena kuti, "Basi, zili bwino. Ndiye ndizikambirana ndi mayi." Adatembenuza mpando wake. Ine ndidapita kukaona ngati mbuzi zili ndi madzi. Tilibe mbuzi.

Usiku umenewo ndidaimbira mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Lilongwe, kuti ndimudandaulire za chiwembu cha mayi ake. Ndidapeza kuti masamba otayipa aja adatayipa ndi iyeyo.

"Adadi, wamalonda uja adafika kale ndi ndalama m'manja. Asuweni anga akadasaina ndi iyeyo, bwenzi lero inu mukumata mapaketi opanda kakowa. Amayi adakuuzani katatu."

"Koma adandipatsa! Kansaluko ndili nako mpaka lero!"

"Kansaluko n'kanu, palibe akukulandani. Mukhoza kukapachika pabalaza. Koma kukhala ndi kansalu ndi kwina, kukhala ndi mphamvu yochulukitsa chithunzicho n'kumachitira malonda ndi kwinanso."

Sindidagonje msanga. Atabwera kumapeto kwa mwezi ndidamulanda foni, n'kukhala pansi pa mango masiku awiri ndikuwerenga lamulo la Copyright la 2016, limene lidalowa m'malo mwa la 1989, ndikusakasaka kampata kothawirapo. Ine bungwe la COSOMA, lomwe lilipo kuyambira 1992, ndinkalidziwa ngati la oimba, lolimbana ndi anyamata okopera nyimbo m'mamemori khadi. Sindinkadziwa kuti lamulo lomwelo limafikanso pa kakowa wojambulidwa kuseri kwa nkhokwe ndi mwana wolephera masamu. Umwini wa ntchito yaluso umabadwa pamodzi ndi ntchitoyo. Wojambula safunika kupita ku ofesi iliyonse kuti akhale mwini. Akangomaliza, ndi wake, moyo wake wonse, ndi zaka zina 50 iye atamwalira. Ndipo kuti umwiniwo uchoke kwa iye kupita kwa wina, pamafunika cholembedwa chosainidwa ndi mwiniyo. Ndidafunafuna ndime yonena za ufulu wa amalume pa ntchito za mbumba yawo. Aphungu athu adaiwala kuikamo.

Chimene ndidali nacho ine, mwana wanga adandifotokozera ngati akuphunzitsa Sitandade 2, chidali chilolezo chabe. Adandipatsa fanizo lochokera pakhonde panga pomwe. Mwini bwato akakuuza kuti "tengani mukaponye chilimira", wakubwereka. Mawa akhoza kubwereka wina, mkuja akhoza kuligulitsa, ndipo iwe sungaime pagombe n'kumakuwa kuti bwato ndi lako chifukwa udalipalasa chaka chathunthu. Kugula bwato ndi nkhani ina, ndipo ndi imene anthu amabwerera kwa ine kuti ndiwalembere. Ine amene ndalemba makalata a mabwato osawerengeka ndidapalasa bwato lobwereka zaka ziwiri ndikulipenta dzina langa.

Chidandipweteka koposa sichidali chimenecho. Chidali bolopeni yofiira. Mwana wanga adatenga chitsanzo changa chija n'kuchichonga monga ndinkachongera ana a eni. Pamene ndidalemba kuti "chinthuchi", adazunguliza n'kufunsa: chinthu chiti, kansalu kapena umwini wa chithunzi? N'chifukwa chake m'masamba otayipa adafotokoza kakowayo mwendo ndi mwendo n'kumata chithunzi chake, kuti pasadzakhale wonena kuti ankanena kakowa wina. Pamene ndidalemba kuti "ndagulitsa", adafunsa: mphamvu ziti? Iwo adazitchula: kusindikiza pa mapaketi, pa zikwangwani, pa Facebook ndi WhatsApp, m'Malawi ndi kunja komwe, popanda malire a nthawi. Adalembanso chimene mnyamatayo adatsala nacho: akhoza kupitiriza kujambula akakowa pansalu n'kumagulitsa kwa alendo ku Senga Bay, koma sangapereke chithunzi chimenechi kwa wina wogulitsa chakudya. Adalemba kuti iye akutsimikiza kuti adajambula yekha, sadakopere kwa munthu. Pansi pa tsamba langa adandipatsa 4 pa 10, n'kulemba kuti "dzanja labwino".

Pali zina zimene ngakhale amayi sadagule, chifukwa sizigulika. Dzina la wojambula limakhalabe lake, ndipo ali ndi mphamvu yokana ngati wina asintha ntchito yake mwa njira yomunyozetsa. Ndidazidziwa izi nditapereka maganizo oti kakowayo timuveke kachipewa ka ophika kuti aoneke wamakono. Nyumba yonse idakhala chete ngati pamaliro.

Mnyamatayo atabwera kudzapepesa, chimene sichidali kupepesa kwenikweni, adandisimbira nkhani imene anyamata ojambula amauzana. Mu 1971 mtsikana wina wophunzira ku Portland ku America, Carolyn Davidson, adajambulira kampani ya nsapato kachizindikiro kokhota kaja ka Nike, n'kulandira madola 35. Kampaniyo itakula, mu 1983, eni ake adamuitana n'kumupatsa mphete yagolide ndi masheya.

"Ndiye ukufuna mphete?" ndidamufunsa.

"Ayi malume. Ndikungoti iye adachita mwayi kuti adakumbukiridwa. Ine sindidafune kudalira kukumbukiridwa."

Mawu amenewo adandilasa, chifukwa m'zaka ziwiri zonse za kakowa sindidamupatseko ngakhale paketi imodzi ya mpunga kuti akadye ku Senga Bay. Ndinkati fizi idakwana.

Mwana wanga wamkazi adawonjeza yake, yosonyeza kuti pepala nalonso limaluma likalembedwa ndi wochenjera yekha. Solomon Linda, woimba wa Chizulu, adajambulitsa nyimbo yake ya Mbube ku Johannesburg mu 1939, ndipo pambuyo pake adasainira umwini wake kwa kampani ya Gallo pa mashereni 10. Nyimboyo idawoloka nyanja, idasanduka The Lion Sleeps Tonight, idalowa mufilimu ya The Lion King, idapangira anthu ena chuma chosaneneka. Linda adamwalira mu 1962 ali mmphawi, ndipo ana ake adadzapeza kanthu mu 2006 atapita kukhoti. N'chifukwa chake, adatero mwana wanga, m'kalata ya amayi muli ndime yoti kuwonjezera pa ndalama adalandira tsiku losaina, mnyamatayo azilandira kachigawo kakang'ono pa mapaketi ogulitsidwa, kuwerengera pakutha pa nyengo iliyonse. Ndime imeneyo adaumirira ndi amayi. Adati safuna kudzatchedwa mfiti ndi akuchimuna.

Tsono amene amawerengera kachigawoko, m'kope lachikuto cholimba lija, ndine. Ndiye ntchito imene ndapatsidwa.

Panopa amayi ali pa ulendo wina. Akuti kukhala mwini chithunzi sikukwanira. Akufuna kakowayo alembetsedwe ngati chizindikiro cha malonda pansi pa lamulo la Trademarks la 2018, kuti wina asadzajambulitse kakowa wakewake wofanana ndi wathu n'kumuika pa mpunga. Ine ndinkayesa satifiketi ya dzina la bizinesi imene tidatenga kwa Registrar General imateteza zonse. Ayi ndithu, imeneyo imangonena kuti bizinesi yakuti ilipo ndipo eni ake ndi akutiakuti. Chizindikiro chimalembetsedwa pachokha, pa gulu la katundu amene ukugulitsa, mpunga uli m'gulu 30, ndipo chimakhala zaka 10 n'kukachiwonjezeranso. Mwana wathu akuti tsiku limene mpunga wathu udzawoloke malire, kuli ofesi ya ARIPO ku Harare kumene pempho limodzi limatha kufikira maiko angapo. Amayi adamvetsera zonsezo akupeta, osaphethira. Pa fomu, pamzere wa mwini, sadandifunse n'komwe kuti tilembepo ndani.

Sabata yatha ndidakumbukira kuti ndidakali ndi chuma china. Mawu anayi aja a m'munsi mwa kakowa, oyamikira fungo, adapeka ndine, popanda wondithandiza. Ndidadikira tili pabalaza, kandulo ikuyaka, n'kukhosomola.

"Amayi, mawu ali pa paketiwa mwini wake ndine. Sitidalemberane."

Mwana wathu, amene adali pa foni, adayamba kunena kuti timawu tochepa chotero kawirikawiri lamulo silitiwerengera ngati ntchito yaluso, koma mayi ake adamudula.

"Asiye bambo ako. Abambo, tengani kope mulembe. Mtengo wake tambala."

Ndidalemba. Nthawi ino ndidatchula mawuwo limodzilimodzi, ndi mphamvu zonse zimene ndikupereka, m'Malawi ndi kunja komwe. Mboni adali mnyamata uja, amene adabwera kudzatenga kachigawo kake ka nyengo ino. Ndidasaina, amayi adasaina, ndipo Lamulungu tambalayo adaphedwa. Pogawa ndiwo ndidatambasula mbale yanga monga mwa masiku onse. Amayi adaidumpha, n'kuika nthutumba m'mbale ya mnyamatayo.

"Ndi mlendo," adatero.

Ine adandipatsa khosi.